Fodya wako ndi uyo ali pamphuno

Akuluakulu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Amene akuganiza kuti mwambiwu udatha ntchito akafunse anthu akuda a ku Britain.

Mu Juni 1948 sitima ya pamadzi ya Empire Windrush idakocheza ku Tilbury itanyamula anthu a ku Jamaica ndi zilumba zina za ku Caribbean. Iwowa, pamodzi ndi ena amene adawatsatira, adagwira ntchito m'zipatala, m'mabasi ndi kunjanji, ndipo lamulo la 1971 lidawalola kukhazikika m'dzikomo. Ambiri adabwera ali ana, mayina awo ali pa pasipoti ya makolo, kotero umboni wa tsiku limene adafika udali pa timakhadi tosungidwa ndi boma. Mu 2010 unduna wa za m'dziko udawononga timakhadito. Malamulo atakhwima, agogo amene adakulira ndi kukalambira komweko adauzidwa kuti aonetse mapepala. Ena ntchito idawathera, ena adakanizidwa chithandizo kuchipatala, ndipo osachepera 83 adathamangitsidwa m'dzikomo popanda cholakwa. Nkhaniyi itaululika mu 2018, nduna Amber Rudd idatula pansi udindo.

Ku Brixton, kummwera kwa London, kudali anthu amene adazindikira kale kuti mbiri yako susungitsa kwa wina. Mu 1981, chaka chimene moto wa ku New Cross udapha achinyamata akuda 13 ndipo ku Brixton kudabuka zipolowe, Len Garrison ndi anzake adayambitsa Black Cultural Archives. Ankatolera zimene ofesi ya boma sikadawerama kuti itole: timapepala tomemeza anthu ku zionetsero, nyuzi za magulu, zithunzi, makalata ndi mawu ojambulidwa a amayi omenyera ufulu. Bungweli lidadikira zaka 33 kuti lilowe m'nyumba yoyenera ntchitoyi, pa Windrush Square, mu Julayi 2014. Mavuto a 2018 atafika, anthu adathamangira kumeneko kukakumana ndi maloya owalangiza kwaulere. Lero pamalopa pamachitika zionetsero za zinthu zakale ndi zokambirana, ndipo pamadzaza kwambiri pa 22 Juni, tsiku lokumbukira Windrush, komanso mu Okutobala, mwezi wa mbiri ya anthu akuda.

Wina anena kuti kusunga zakale ndi ntchito ya boma. N'zoona, ndipo nyumba yathu yosungira zolembedwa ku Zomba yakhala ikuchita zimenezi kuyambira 1947. Koma boma limasunga kwambiri zimene maofesi ake adalemba. Failo ya apolisi idzakuuzani tsiku limene munthu adamangidwa. Sidzakuuzani zimene adakambirana ndi anzake usiku wake, kapena amene ankadyetsa ana ake iye ali kundende ya Mikuyu.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Abambo athu amene adapita ku Theba akhala akuvutika kulondola ndalama zawo za kumigodi, ambiri chifukwa mapepala adasowa. Kalata ya maepiskopi ya pa 8 Malichi 1992 ilipo, koma nanga timapepala tija tinkagawidwa mobisa m'matauni chaka chomwecho? Nanga zikwangwani za nyali ndi tambala za riferendamu ya pa 14 Juni 1993? Zimene zidatsala zili m'masutikesi kunsi kwa bedi, chiswe chikudya, eni ake akutha mmodzimmodzi.

Ntchitoyi siyofuna kudikira thandizo lakunja. Mpingo, bungwe la anthu apantchito, kaya gulu la Amalawi okhala ku Johannesburg kapena ku Manchester, lililonse lingathe kupatula kabati imodzi youma bwino, kusankha mlembi wosamala, ndi kutuma achinyamata ndi foni kukajambula mawu a okalamba. Pachithunzi chilichonse palembedwe dzina, malo ndi chaka, mwini wake akadali moyo kuti atsimikize.