Mphaka Naye Amafuna Womusiyira

Msika wa fodya wa ku Chinkhoma ukamayandikira kutseka, kuno ku Kasungu maulendo amachuluka. Ena amapita kukaona makolo ku Mulanje kapena ku Phalombe, komwe anachokera pobwera kudzalima m'maesiteti, ena amakwera basi ya ku Joni. Asananyamuke amalongosola zonse: mbuzi kwa achimwene, nkhuku kwa apongozi, kiyi kwa aneba. Za mphaka ndiye ziii. Ukafunsa amati, "Ameneyo adzionera yekha, si amagwira makoswe?"

Apa ndiye timalakwa. Kuyambira ku Santhe mpaka ku Nkhamenya, ambiri tinasiya nkhokwe poopa akuba, ndipo chimanga, mtedza ndi soya zili m'matumba m'nyumba. Mlonda wa chuma chimenechi ndi mphaka. Njala ikamukola amasamukira komwe kukufuka utsi, makoswe n'kutsala akuchita phwando.

Koma kumusiyira munthu si kumuponya m'thumba n'kukamutula kwa aneba ayi. Mphaka amakonda malo amene anazolowera, moti usiku womwewo abwerera kwawo. Chofunika n'choti womusamalirayo azibwera tsiku lililonse kudzamuikira madzi ndi chakudya pomwe amadyera nthawi zonse. Nsima yokha simukwana, thupi lake limafuna zankhuli, choncho siyani kandalama ka bonya kapena usipa.

Muwatsinenso khutu kuti asathire tameki m'nyumbamo, chifukwa mphaka akadya khoswe wofa ndi mankhwalawa nayenso akhoza kufa. Alangizi a ziweto akamabaya agalu katemera wa chiwewe, mphaka asatsale, pajatu ana a aneba ndi amene azisewera naye. Ngati ali wamkazi, dziwani kuti bere lake limangotenga masiku pafupifupi 65. Mukachoka miyezi itatu mukhoza kudzapeza banja lonse, ndiye gwirizaniranitu kuti tianato adzatenge ndani.

Sankhaninso munthu wake. Alipo anzathu amene akangoona mphaka wakuda usiku amaganiza za ufiti. Otere musawakakamize, angakuvomereni pamaso koma mbale n'kumakhala youma.

Pomaliza, kuyendera khomo la wina m'mawa uliwonse ndi ntchito, ngakhale timachita manyazi kutchula mtengo pakati pa anansi. Kupatsa n'kuika. Pobwera musaiwale paketi ya shuga kapena chitenje, chifukwa chaka chamawa fodya akadzagulidwa mudzagogodanso pakhomo lomwelo.