Impso za nkhumba zafika pati, nanga Malawi atolapo chiyani?

Mu Okutobala 2025, madokotala a pachipatala cha Massachusetts General mumzinda wa Boston ku America adachotsa impso ya nkhumba m'thupi mwa bambo wina wa ku New Hampshire, itamugwirira ntchito masiku 271. Panthawiyo padalibe munthu wina yemwe adakhalapo ndi chiwalo cha nkhumba kwa nthawi yotalika chonchi. Bamboyo adabwerera pamakina osefa magazi a dayalisisi, koma akatswiri sadaone ngati ntchito yawo yagwa m'madzi, chifukwa zaka zinayi m'mbuyomo padalibe wodwala ndi mmodzi yemwe amene adaikidwapo chiwalo cha nkhumba yosinthidwa chibadwa.

Chomwe chikukankha kafukufukuyu ndi kuchepa kwa ziwalo. Ku America kokha, anthu oposa 100,000 ali pamndandanda wodikira ziwalo ndipo ambiri mwa iwo akufuna impso. Nkhumba idasankhidwa chifukwa ziwalo zake n'zofananako kukula ndi za munthu, imaswana kwambiri komanso imakula msanga.

Vuto ndi lakuti thupi la munthu silichedwa kuzindikira mlendo. Pamwamba pa maselo a nkhumba pali mtundu wa shuga wotchedwa alpha-gal womwe munthu alibe. Chitetezo cha m'thupi chikangouona, chimaukira chiwalocho, magazi amaundana m'mitsempha yake ndipo chimafa m'maola ochepa. N'chifukwa chake asayansi amayamba asintha DNA ya nkhumbayo isadabadwe. Impso yoyamba kuikidwa mwa wodwala wamoyo, mu Malichi 2024 pachipatala chomwechi, idachokera ku nkhumba yomwe kampani ya eGenesis idaisintha malo 69 pogwiritsa ntchito luso lodulira DNA lotchedwa CRISPR. Malo 3 adali ochotsa mitundu ya shuga yoputa chitetezo, 7 adali owonjezera malangizo a chibadwa cha munthu, pomwe 59 adali ofooketsa mavairasi omwe nkhumba zimabadwa nawo mu DNA yawo.

Kuopa mavairasi kuli ndi maziko. Mu Januwale 2022, madokotala a payunivesite ya Maryland, motsogozedwa ndi Bartley Griffith ndi Muhammad Mohiuddin, adaika mtima wa nkhumba mwa bambo wa zaka 57. Iye adamwalira patatha miyezi iwiri, ndipo atapima mtimawo adapezamo kachilombo ka nkhumba kotchedwa cytomegalovirus komwe kadazemba popima koyamba. Kuchokera apo, kupima nkhumbazi kudakhwimitsidwa, popeza kachilombo kochokera ku nyama kakhoza kupitirira wodwalayo n'kufikira omusamalira ndi abale ake.

Mbiri ya odwala otsatira ikusonyeza kupita patsogolo, komanso malire ake. Wodwala wa mu Malichi 2024 adamwalira mu Meyi chaka chomwecho, ngakhale chipatala chidati padalibe umboni woti impsoyo ndiyo idamupha. Mayi wa ku Alabama yemwe adachitidwa opaleshoni pachipatala cha NYU Langone ku New York mu Novembala 2024 adakhala ndi impso yake masiku 130. Apa m'pomwe padaonekera kuti walira mvula walira matope. Kuti thupi lisakane chiwalo, wodwala amamwa mankhwala ofooketsa chitetezo, koma chitetezo chikafooka matenda ena amalowerera. Mayiyu atadwala matenda ena, madokotala adachepetsa mankhwalawo ndipo thupi lidayamba kukana impsoyo mpaka adaichotsa mu Epulo 2025.

Odwala oyambawa adaloledwa mmodzimmodzi, ena mwa iwo atadwalika kale kwambiri, choncho n'kovuta kusiyanitsa zomwe idalephera impso ndi zomwe adayambitsa matenda awo akale. Yankho lenileni likuyembekezeka kuchokera ku kafukufuku wa odwala ambiri yemwe bungwe loona za mankhwala ku America la FDA lidavomereza kumayambiriro kwa 2025. Kampani ya United Therapeutics idaloledwa kuyamba ndi odwala 6 n'kufika pa 50 zikayenda bwino. Mpaka zotsatira zitatuluka, impso ya nkhumba ndi yongopumitsa munthu ku dayalisisi kwa miyezi, pomwe impso ya munthu imatha kugwira ntchito zaka zoposa 10.

Kwa wodwala wa m'dziko muno, nkhaniyi ili kutali. Opaleshoni yoyamba yopambana yoika impso ya munthu mwa mnzake idachitika mu 1954 ku Boston, pomwe Joseph Murray adasamutsa impso pakati pa mapasa. Papita zaka zoposa 70, koma Mmalawi wofuna opaleshoniyi amatumizidwabe kunja, kawirikawiri ku India. Otsala amadalira makina a dayalisisi pazipatala monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre, komwe wodwala amapita kawiri kapena katatu pasabata, maola pafupifupi anayi ulendo uliwonse. Kwa wochokera kuboma lakutali, zimenezi zimatanthauza kusiya munda, ntchito ndi banja n'kukakhala m'tauni. Maiko oyandikana nafe adayambapo: Tanzania idachita opaleshoni yake yoyamba ya impso pachipatala cha Muhimbili mu 2017, Zambia pa University Teaching Hospital ku Lusaka mu 2018.

Phunziro loyenerana ndi Malawi likupezeka ku Cape Town. Mu 2008, dokotala Elmi Muller wa pachipatala cha Groote Schuur adaona kuti odwala impso omwe ali ndi HIV sankapatsidwa mpata wa dayalisisi m'zipatala za boma, pomwe impso za anthu omwalira ali ndi kachilomboka zinkangotayidwa. Iye adayamba kuika impsozo mwa odwala omwe ali kale ndi HIV. Zotsatira za odwala 27 zomwe zidasindikizidwa mu 2015 zidasonyeza kuti ambiri adali moyo patatha zaka zisanu. Ntchitoyi idathandiza kuti dziko la America lisinthe lamulo lake mu 2013 n'kuloleza kafukufuku wofananawo. Muller sadafune nkhumba zoweteredwa m'makola a ndalama zankhaninkhani. Adayang'ana vuto lomwe lidali pakhomo pake.

Tsiku lomwe impso za nkhumba zidzavomerezedwe, zidzapindulira maiko okhawo omwe ali kale ndi madokotala a opaleshoniyi, malabotale opimira kugwirizana kwa magazi ndi ziwalo, mankhwala ofooketsa chitetezo osaduka m'zipatala, komanso malamulo omveka oteteza osauka ku malonda a ziwalo. Padzafunikanso kumva maganizo a Asilamu, a Seventh-day Adventist ndi ena omwe sadya nkhumba, zinthu zisadafike pamutu.

Pakadalipano, chida chotsika mtengo chomwe dziko lino lili nacho ndi kupewa. Kuthamanga kwa magazi ndi matenda a shuga ndiwo amatsogola kuwononga impso, ndipo zimawonongeka mwakachetechete kwa zaka munthu asadamve kuwawa. Makina opimira BP, timapepala topimira mkodzo ndi mankhwala opezeka nthawi zonse pachipatala chaching'ono chilichonse zingapulumutse impso zambiri kuposa zomwe makola a ku America angatulutse m'zaka zikubwerazi.