WA NKHONGOLE YOBISIKA ASAPATSIDWE MAKIYI A BOMA

M'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi mwabuka anthu ena amene akufalitsa ciphunzitso cakuti nkhongole ndi nkhani ya m'nyumba, ndipo Boma kapena komiti yosankha anchito ilibe gawo lofunsa za iyo. Iwo akuti munthu akafuna nchito ya upolisi, ya usilikali, ya pa cipata ca malire kapena yosunga cuma ca gulu, afunsidwe za maphunziro ndi milandu ya kukhoti basi, koma za m'thumba zisakhudzidwe. Ciphunzitso cimeneci ndi cabodza, ndipo ambiri a ocilalika ndi omwewo amene maina ao adzaza m'mabuku a obwereketsa kaloba.

Munthu wa nkhongole yosabweza ali ndi mabwana awiri. Woyamba ndi Boma limene linamlemba nchito ndi kumlumbiritsa. Waciwiri ndi uja amene akusunga khadi lake la kubanki pamodzi ndi citupa cake monga cikole, namudikira pa tsiku la malipiro. Bwana woyamba ali kutali ku Chipata kapena ku Lusaka, pamene waciwiri amadziwa khomo la nyumba, amadziwa mkazi, amadziwa ndi sukulu kumene ana aphunzira. Tsiku limene mabwana awiriwa adzalamula zosiyana, wanchitoyo adzamvera amene ali pafupi. Wa kaloba sayamba ndi kupempha zazikulu. Amangofuna kudziwa usiku umene apolisi adzachinga msewu, kapena kuti lole yakuti isasecedwe, ndipo ciwongola dzanja ca mwezi umenewo cimakhululukidwa. Akapereka kamodzi, wanchitoyo wagwidwa pawiri: ali ndi nkhongole, alinso ndi mlandu woti aziopsezedwa nao.

Maboma atatuwa si malo oseweretsa nkhani yotere. Msewu wocoka ku Katete umafika pa cipata ca Chanida polowera ku Mozambique. Sinda ali pa msewu waukulu wa Great East Road pamene malole a katundu apita usana ndi usiku. Vubwi, amene anapatulidwa ku Chadiza mu 2012, wapanikizika pakati pa Malawi ndi Mozambique, ndipo tinjira tozembetsera cimanga, ufa ndi feteleza sitiwerengeka. Akuluakulu akali kukumbukira zaka zoyambira 1987 pamene zigawenga za RENAMO zinali kudumpha malire ndi kupha anthu m'midzi ya Chadiza, Katete ndi Petauke. Pa nthawi ngati imeneyo, mau amodzi okha onena kumene asilikali agona akanatha kuphetsa mudzi wonse.

Maiko ena anaphunzira zimenezi ndi mwazi. Ku America kunali kazitape wa bungwe la CIA dzina lake Aldrich Ames. Mu 1985, atamira m'nkhongole ya madola pafupifupi 47,000 pa nthawi imene ukwati wake unali kutha, analowa m'ofesi ya kazembe wa Soviet Union mu mzinda wa Washington nagulitsa zinsinsi pa mtengo wa madola 50,000. Iye anaganiza kuti angotseka dzenje limodzi. Koma anapitiriza mpaka anagwidwa mu 1994, ndipo pofika apo anthu osacepera 10 amene anawaulula anali ataphedwa. Anagula nyumba ya madola 540,000 ndi ndalama zapamanja, akuluakulu ake ali cete kwa zaka. Ku dziko limenelo, mwa mfundo 13 zoyesera munthu asanapatsidwe cilolezo coona zinsinsi za boma, ya cisanu ndi cimodzi ndi ya kasamalidwe ka ndalama. Wofunsira amalemba pa fomu nkhongole iliyonse imene anacedwa kubweza masiku opitirira 120 m'zaka 7 zapitazo, ndipo mfundo ya ndalamayi ndiyo imagwetsa anthu ambiri.

Pano mpofunika kumvetsa bwino, cifukwa ocenjera amapotoza. Mfundo ija siimana cilolezo munthu cifukwa congokhala ndi nkhongole. Oyesa amafunsa cimene cinabweretsa nkhongoleyo: ngati ndi matenda, maliro, kutha kwa nchito kapena kwa ukwati, ndipo munthuyo anapita yekha kwa omkongoza, napangana nao, nayamba kubweza pang'onopang'ono, amaloledwa. Wokanidwa ndi uja wothawa, wa juga, wokongola kuno kuti atseke uko, ndipo koposa onse wonama pa fomu. Nkhongole yodziwika kwa akuluakulu a nchito siingakhale cingwe comkokera munthu mumdima, pakuti palibe coti aopsezedwe naco. Mlimi wa ku Kagoro amene anatenga feteleza wa nkhongole, mvula namulaka, koma caka ciliconse amapereka thumba, ndi woyenera makiyi kuposa kalaliki wa tayi amene amadutsira kuseri kwa msika kuopa kuonana ndi omkongoza.

Malamulo a Zambia nao sanagone. Lamulo la citetezo ca dziko la 1969 limaika cilango ca zaka zosacepera 15 m'ndende kwa woulula zinsinsi za Boma. Malamulo aakulu a dziko, monga anakonzedwa mu 2016, amaletsa munthu amene khoti linagamula kuti walephera kubweza nkhongole zake, ndipo sanamasulidwe, kuimira pa mpando wa phungu wa Nyumba ya Malamulo kapena wa Pulezidenti. Amalamulanso woimira kuulula cuma cake ndi nkhongole zake. Kucokera mu 2018 pali lamulo loyendetsa mabungwe osunga mbiri ya okongola, pansi pa Bank of Zambia. Vuto ndi lakuti kaloba wa pa msika wa Katete salembedwa m'mabuku amenewo. Amene amamdziwa ndi anthu a m'mudzi, a m'sekishoni ndi a m'nthambi ya cipani.

Boma nalo lili ndi mbali yake, ndipo siliyenera kubisala. Nkosayenera kufuna kuti mphunzitsi kapena wapolisi akhale woyera m'thumba pamene ndalama zake za chuthi ndi zosamukira zikhala zaka osalipidwa. Mu July 2021 Boma linalengeza kuti lidzasinthanitsa zimene linali kukongola anchito ake ndi nkhongole zao za kumabanki, umboni wakuti nthendayi inali itafika pa fupa. Koma dongosololo silinakhalitse. Bwana wocedwetsa malipiro amatuma yekha wanchito wake kwa wa kaloba.

Komabe kulakwa kwa Boma sikuyeretsa mbava ya nkhongole. Alimi a kum'mawa anaona ndi maso ao pamene bungwe la Credit Organisation of Zambia linagwa mu 1970, ndi pamene Lima Bank inatsekedwa mu 1997, kwakukulu cifukwa ca nkhongole zosabwezedwa. Mzimu wakuti ndalama za Boma ndi mphatso ndiwo unagwetsa nkhokwe zimenezo, ndipo olira anali alimi okhulupirika amene anasowa kokongola. Munthu woleredwa ndi mzimu umenewo sasintha cifukwa covala yunifomu.

Cuma cimene cafika m'manja mwa makomiti a m'midzi si cocepanso. Mu 2022 thumba la citukuko ca dera la phungu aliyense linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni. Pali makomiti a m'mawodi, pali makoparetivu olandira feteleza, pali makalaliki a pa madepoti ogula cimanga amene sikelo ili m'manja mwao. Pa msonkhano uliwonse wosankha msungicuma, mlembi kapena wovomerezedwa kupita ku nchito ya citetezo, wapampando aimike munthuyo pamaso pa anthu ndi pa nyakwawa, amfunse kuti akongola yani, zingati, ndipo wabweza zingati. Woyankha poyera ndi kuonetsa malisiti, dzina lake lipite patsogolo. Wokalipa, wonena kuti akumzonda kapena kuti amcitira nsanje, apatsidwe nyengo imodzi ya zokolola kuti akakonze ndi omkongoza, ndipo dzina lake lidikire msonkhano wa caka camawa.