Uchembere Wabwino Uyamba ndi Madzi

Ndifuna kunenapo pa nkhani imene ambiri a ife timaiyesa ya akulu okha, ndiyo ya amai apakati ndi madzi. Ena adzati mwana wa sukulu alibe mau pa za uchembere. Koma ine nditi tonsefe tinabadwa mwa mkazi, ndipo asungwana amene tiphunzira nao lero ndiwo amai a mawa.

Boma limalangiza amai kuti azikachira ku chipatala, osati kwa azamba kumudzi, ndipo ichi nchabwino ndithu. Popita, mai amatenga beseni, zitenje, lezala latsopano ndi pepala la pulasitiki loyala pabedi. Koma chiripo chinthu chimodzi chimene sangathe kumanga pa chitenje, ndicho madzi. Pa zipatala zina zazing'ono za kumidzi mpopi unauma kale, kotero kuti mbale wodikirira wodwala ndiye athamangira kudambo ndi ndowa. Nanga namwino adzasamba bwanji m'manja asanagwire mai wachiwiri? Nanga bedi lidzatsukidwa ndi chiani?

Musayese kuti kusamba m'manja nkanthu kochepa ai. M'chaka cha 1847, ku Vienna, dotolo wina dzina lake Ignaz Semmelweis anaona kuti amai ambiri analikufa ndi kutentha thupi atangochira. Iye analamula kuti madotolo ndi ophunzira ao azisamba m'manja ndi madzi a klorini asanakhudze mai, ndipo m'miyezi yowerengeka imfa zinachepa kwambiri. Lero tidziwa kuti nthendayo imadza ndi tizilombo tolowa m'thupi pochira, ndipo ikali imodzi mwa nthenda zimene zimapha amai kuno kwathu. Chotero kumanga chipinda chochiriramo popanda madzi nkusiya ntchito pakati.

Bvutoli siliri ku chipatala kokha. Ndowa ya malita 20 ilemera makilogalamu 20, ndipo m'midzi mwathu timaona mai wa pakati pa miyezi isanu ndi itatu ataisenza pamutu, amuna ali pa bawo. Ife kuno, pompa ya sukulu ikafa tsiku limodzi lokha, timadandaula ngati dziko latha. Koma mai ameneyo ayenda ulendo wake tsiku ndi tsiku, ndipo madzi amene abwera nao mwina ndi a pachitsime chosatetezedwa. Tisaiwale kolera imene inayamba ku Machinga mu March 2022, nifalikira maboma onse, nipha anthu oposa 1,700. Mu January 2023 sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulira chifukwa cha nthendayi.

Wina adzati, "Imeneyi ndi ntchito ya Boma." Inde, Boma liri ndi mbali yake yaikulu, ndipo lisalole chipatala chatsopano kutsegulidwa chopanda madzi. Koma taonani zimene makolo athu anachita. M'chaka cha 1968, ku Chingale m'boma la Zomba, anthu a m'midzi anakumba ngalande ndi makasu ao, Boma linapereka mipope, ndipo madzi anatsika okha kuchokera kuphiri popanda injini. Mijigo ya Afridev imene iri m'midzi mwathu inapangidwanso kuti eni mudzi azitha kuikonza okha. Kawirikawiri chimene chaonongeka ndi kalabala kakang'ono, koma mjigo umagona miyezi chifukwa palibe wosonkha ndalama. Mjigo wa onse wasanduka wopanda mwini.

Tsono pa tchuthi chikubwerachi ndipempha zinthu zitatu. Choyamba, ife odziwa kulemba ndi kuwerengera tithandize komiti ya mjigo kusunga buku la zopereka, kuti anthu aone kumene ndalama zao zipita. Chachiwiri, tiphunzitse a kwathu kuphitsa madzi akumwa kapena kuthiramo klorini, ndi kuwasunga m'chotengera chovundikira. Chachitatu ndinena kwa anyamata anzanga: kutungira madzi mai wodwala pakati sikuchepetsa umuna wa munthu. Ngati muchita manyazi kusenza pamutu, njinga ndi wilibala ziripo.

Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Makolo athu abvutika kutilipirira sukulu kuti nzeru zathu zikathandize mudzi. Tiyeni tiyambire pa mjigo.

Wophunzira wa Fomu III