Woodstock isakhale ya olemera okha

Madera a Woodstock ndi Salt River mumzinda wa Cape Town anakula ndi thukuta la osoka zovala m'mafakitale monga Rex Trueform ndi la okonza sitima zapamtunda. Ngakhale pamene boma la tsankho linalengeza mu 1966 kuti dera la District Six ndi la azungu okha, ndipo anthu pafupifupi 60,000 anasamutsidwa, kuno mitundu yosiyanasiyana inapitiriza kukhalira limodzi. Lero amphawi akuchotsedwa ndi mtengo wa nyumba. Mafakitale ambiri atagwa chifukwa cha zovala zotchipa zochokera kunja, nyumba zake zinasanduka maofesi, malo odyera ndi mafulati apamwamba, ndipo lendi inakwera. Kampani ina itagula nyumba za mu Bromwell Street mu 2013 n'kufuna kuchotsa mabanja okhalamo, khonsolo ya mzindawu inafuna kuwatumiza ku Wolwerivier, makilomita pafupifupi 30 kuchokera pakati pa mzinda. Mu 2024 khothi lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti khonsoloyo inalakwa, ndipo iwapezere malo pafupi ndi kwawo.

Ena amati amalonda ogula ndi kumanga nyumba ndiwo adzutsa dera lomwe linali kufa, choncho boma lisalowerere. N'zoona kuti abweretsa ntchito ndi misonkho. Koma boma linalowerera kale: kuyambira mu 2003 lamulo la Urban Development Zone lakhala likuchepetsera msonkho omanga nyumba m'madera ngati awa. Ngati ndalama za anthu onse zathandiza kukweza mtengo wa malo, anthu onse ayenera kupezapo phindu. Enanso amati n'kotchipa kumangira osauka kunja kwa mzinda. Kutchipako n'kwa khonsolo yokha, chifukwa wantchito amalipira tsiku lililonse pa minibasi, ndipo ana amachoka pasukulu zawo.

Wogula nyumba yoyamba ndiye wapanikizika kwambiri. Wolandira kuposa R3,500 pamwezi sapatsidwa nyumba yaulere ya boma, pamene thandizo la First Home Finance, lofikira olandira mpaka R22,000, silikwanira pa mitengo ya ku Woodstock. Mu 2017 khonsolo inatchula malo ake 11 oti pamangidwe nyumba zotsika mtengo, koma ntchito yayenda pang'onopang'ono. Malo amenewa asagulitsidwe kwa wopereka zambiri. Womanga aliyense wochepetseredwa msonkho akakamizidwe kupatula mafulati ena a antchito, ndipo mtengo wake utetezedwe ngakhale powagulitsanso. Wophika, mlonda ndi namwino amene mzindawu umadalira ali ndi ufulu wokhalamo.