Sukulu ya Azamba Imene Inatsekedwa Cifukwa ca Khungu

Abale anga a m'migodi ndi m'mafakitale, pa misonkhano yathu timakamba za malipiro ndi za nyumba, koma za cikuta timati n'za amai okha. Kumeneko n'kulakwa. Tamvani mbiri ya cipatala ca Bridgman.

M'caka ca 1928 Mai Clara Bridgman, a mishoni ya American Board, anatsegula cipatala ca amai apakati ku Brixton mu Johannesburg, cokumbukira amuna ao, Mbusa Frederick Bridgman, amene anamwalira mu 1925. Masiku amenewo amai akuda ambiri a ku Joni ankacirira m'tizipinda ta kuseri kwa nyumba za mabwana kapena m'malokeshoni, popanda mzamba wophunzira. Cipatalaco cinayamba cacing'ono, ndipo pomwepo anayamba kuphunzitsa atsikana akuda nchito ya uzamba. Mbiri itamveka, amai anadza kucokera m'malokeshoni a pa Rand, nyumba zinaonjezedwa, ophunzira anacuruka, ndipo otsiriza maphunziro anabalalika kukathandiza anthu ao.

Nanga cinaipa n'ciani? Nchito inali yabwino, koma malo anali m'manja mwa ena. Mu 1950 Boma la South Africa linapanga lamulo la Group Areas, logawa malo okhala monga mwa khungu, ndipo Brixton anakhala dera la Azungu. Mu 1957 lamulo lina linagawa ngakhale kaundula wa anamwino, akuda pa okha, oyera pa okha. Potsiriza, mu 1965, cipatala ndi sukulu yace zinatsekedwa, patapita zaka 37. Sanatseke cifukwa azamba analephera ai. Anatseka cifukwa ana obadwiramo anali akuda.

Tsono onani za kwathu. M'masiku a Citaganya, mtsikana wa ku Nyasaland wofuna unamwino wathunthu ankayenera kupita kunja, pamene amishoni ankaphunzitsa azamba othandizira. Citaganya cinatha mu 1963, ufulu unadza mu 1964, ndipo mu 1965, caka comwe Bridgman anatsekedwa, ku Blantyre kunatsegulidwa National School of Nursing. Kumene anthu analibe mau sukulu inafa. Kumene anatenga dziko lao sukulu inabadwa.

Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Sukulu yokhala mwa cisomo ca wolamulira ndiye fodya wa pacala. Cifukwa cace ife a ku Benoni, Springs ndi Germiston, ndi inu a ku Copperbelt ndi ku Bulawayo, tiike nkhani ya azamba pa mndandanda wa bungwe lathu: sukulu zao zilandire ndalama za msonkho wathu, azamba alipidwe mokwanira, ndipo mai wobereka asabwezedwe pakhomo cifukwa ca dziko limene anacokera. Wanchito ali yense anayamba wagwa m'manja mwa mzamba. Dzutsani nkhani imeneyi pa msonkhano ukudzawu.