Ndani Anati Makatuni a Mapepala ndi Masewera a Ana?

Pali anzathu ena m'magulu a acinyamata amene akamva za makatuni opangidwa ndi mapepala odula kapena zidole za dothi amangoseka nati, "Zimenezo ndi za ana ang'ono." Kwa iwo katuni yeniyeni ndi ya pa kompyuta basi, yosalala monga Supa Team 4 ya Malenga Mulendema, imene inatuluka pa Netflix mu 2023. Sitikana, mlongo wathuyo anatinyaditsa. Koma kunyoza sizasi ndi pepala ndi umbuli, ndipo tinene mosapsatira.

Tamverani abale ndi alongo. Mwa mafilimu aatali a makatuni amene akalipo mpaka lero, yakale koposa ndi The Adventures of Prince Achmed, imene inatuluka ku Germany mu 1926. Anaipanga ndi mai Lotte Reiniger. Zida zao? Sizasi, makatoni akuda odulidwa ngati anthu ndi nyama, ndi galasi lokhala ndi nyale kunsi kwake. Nchitoyo inawatengera zaka zitatu.

Kapangidwe kake nkotere: mugoneka kamunthu ka pepala pa tebulo, mujambula. Musuntha mkono wake pang'ono cabe, mujambulanso. Zithunzi 12 zikupatsani sekondi imodzi yokha, ndipo miniti imodzi ifuna zithunzi 720. Kodi amenewa ndi masewera? Wopupuluma sangafike ngakhale pa cithunzi ca 50! Ndipo kukoma kwake kuli pomwepo. Kamunthu ka pepala kayenda modumphadumpha, m'mbali mwake muoneka mmene sizasi inadutsira, ndipo woonerera adziwa kuti pano panagwira dzanja la munthu. Pa zidole za Wallace ndi Gromit zidindo za zala za amisiri zioneka ndithu, koma zimenezo sizinaletse Nick Park kulandira mphotho ya Oscar mu 1994 cifukwa ca filimu ya The Wrong Trousers.

Wina adzati, "Amenewo ndi azungu, ali ndi ndalama." Nanga Jean-Michel Kibushi wa kwa anansi athu ku Congo? Iye anatenga nthano ya Atetela ya cule wopita kwa apongozi ake naipanga filimu ndi zithunzi zodula. Sanayembekeze makina a ku America.

Cimene cindiwawa nici: onyozawo ndi omwe aja anakula akuumba ng'ombe za dothi ku dambo ndi kupinda magalimoto a waya okhala ndi ciongolero. Luso lili m'manja kale. Lero akhala pansi kudikira wacifundo wowabweretsera kompyuta, pamene nthano za Kalulu ndi Fisi zikupita kumanda pamodzi ndi ambuye athu.

M'gulu lanu simungasowe foni imodzi ya kamera. Imangeni zolimba pa mpando kuti isagwedezeke, dulani katoni ya sopo, lumikizani miyendo ndi ulusi kapena kawaya. Wovuta ndi dzuwa, cifukwa likasuntha mithunzi ivina m'filimu yanu. Conco tsekani mazenera, muyatse nyale imodzi.